Mwana Wosinkhuka Asasowe Mwini

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi



Masiku onse ndikafika pano ndimalankhula za mizere, za manyowa, za kubzala ndi mvula yoyamba ndiponso za kasungidwe ka chimanga. Lero mundilole ndilankhule za mbeu yina imene ili pakhomo pa yense wa ife, ndiyo ana athu osinkhuka, anyamata ndi atsikana a zaka 13 kufikira 19. Kapena wina adzati, "Nanga mlangizi wa ulimi nkhani ya ana yamkhudza bwanji?" Yandikhudza chifukwa ntchito yanga ili m'midzi. Ana amenewa ndiwo ndimawapeza alikupalira, alikuweta ng'ombe, alikuthirira ndiwo kudimba, ndipo minda yonse imene tilikuisamala lero idzagwera m'manja mwao. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni ndi theka, ndipo theka la anthuwo linali la ana osafika zaka 18. Tsono mlimi amene asamala munda nataya mwana wagwira ntchito yachabe.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha, ndipo ndiinene poyamba pomwe. Banja likhale la mtundu uliwonse, mwana wosinkhuka afuna munthu wamkulu mmodzi wodziwika amene ali mwini wake. Akamsowa munthu ameneyu, mtima wake sukula bwino, ngakhale thupi lilikukula.

ZIMENE NDINAONA PA MUDZI WINA

Zaka zingapo zapitazo, pa mudzi wina wa m'dera langa, panali mnyamata wa zaka 15 amene anali m'kalabu yathu ya alimi achinyamata. Sinditchula dzina lake kapena mudzi wake. Mnyamatayo anali wakhama ndi wochangamuka. Tsiku limene tinaphunzitsa kuunga mizere yotalikirana masentimita 75 ndi kubzala njere imodzi pa phando, iye ndiye anayamba kumvetsa, natenga chingwe kuonetsa anzake.

Mai wake anamwalira m'mwezi wa February, chimanga chilikumasula. Mudziwo ngwa chikamwini. Atameta maliro, akuchikazi anasudzula bambo wake monga mwa mwambo, ndipo bamboyo anabwerera kwao nakwatira kumeneko. Abale anakhala pansi nagawana ana. Aang'ono awiri anapita kwa agogo. Mtsikana anamtenga mai wake wamng'ono wa ku tauni. Atafika pa mnyamatayo anati, "Uyu ndi wamkulu, akhale pamudzi pompano, aliyense ndi mbale wake." Munda wa malemuwo anautenga mtsibweni wamkulu, nati aziusunga.

Palibe amene anampirikitsa, palibe amene anammenya. Lero adya uku, mawa adya uko. Koma anayamba kujomba kusukulu, pambuyo pake nalekeratu. Ku kalabu anasowa katatu, ndipo ine ndinangofafaniza dzina lake m'buku, osapita kukafunsa. Cholakwa chimenecho nchanga, ndipo ndimachikumbukira kufikira lero. Anthu anayamba kunena kuti mnyamatayo wasanduka wamwano, ena nati wayamba chamba. Tsiku lina anamwa mankhwala ophera tizilombo amene wina anawasiya poyera. Mwamwai anthu anamuona msanga nathamangira naye kuchipatala, ndipo anapulumuka.

Nditapita kukamzonda ndinamfunsa ngati chinavuta ndi njala. Iye anati, "Ai, nsima ndimadya. Koma ndikapanda kubwera madzulo, palibe amene amafunsa kuti ndagona kuti."

Mnyamatayo anali ndi abale odzaza mudzi, koma analibe mwini.

MSINKHU UMENEWU NGWOTANI?

Abale aja analakwa poyesa kuti mwana wotalika ngati bambo wake wakulanso ndi mtima womwe. Madotolo anapeza kuti ubongo wa munthu umapitirira kukhwima kufikira zaka ngati 25, ndipo mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kuyamba waganiza asanachite kanthu, ndiyo imakhwima pomalizira. Chifukwa chake pa msinkhu umenewu manyazi, mkwiyo, chikondi ndi chisoni zimabwera mwamphamvu, pamene mphamvu yodziletsa ikali yochepa. Chitonzo chimene munthu wa zaka 40 achiiwala m'mawa mwake, mtsikana wa zaka 14 achisunga mwezi wathunthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mwa ana asanu ndi awiri alionse a zaka 10 kufikira 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, monga nkhawa yosatha kapena chisoni chosachoka.

Inu alimi a fodya mudziwa kuti mbande sizivuta kwenikweni zikali pa nazale, ndiponso sizivuta zikagwira m'munda. Nthawi yoopsa ndi ya kuwokera, pamene mbande yachoka pa nazale koma mizu yake isanagwire nthaka yatsopano. Mwana wosinkhuka ali pa nthawi yotero. Wachoka pa ubwana, koma pa ukulu sanafike. Mumtima mwake muli mafunso atatu, ngakhale sawatchula: Kodi ine ndine wa yani? Ndikalakwa ndithawira kwa yani? Nanga m'tsogolo ndidzalima pati? Banja limene liyankha mafunso atatuwa lalera bwino. Banja limene lilephera kuwayankha, mwanayo apita kukafuna mayankho kwina, ku mowa, ku magulu oipa, kapena ku ukwati wothamangira.

MABANJA ATHU NGOSIYANASIYANA

Tiyeni tsono tione mabanja amene ali m'midzi mwathu, ndi pamene pali mng'alu pa mtundu uliwonse.

Woyamba ndi chikamwini, chimene chili pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Ubwino wake ngwakuti mwana sasowa kwao, pakuti ali wa mbumba ya mai wake. Kale mtsibweni, ndiye mwini mbumba, anali pafupi, ndipo mau ake anali ndi mphamvu pa ana a mlongo wake. Lero atsibweni ambiri ali kutali pa ntchito, ndiponso ali ndi ana aoao ofuna fizi ndi zobvala. Tsono bambo ati, "Ine pano ndine mlendo, ana ali ndi eni ake." Mtsibweni nayenso ati, "Ali ndi bambo wao." Aliyense ayesa kuti mnzake ndiye alikuyang'anira, ndipo mwana agwera pakati.

Wachiwiri ndi chitengwa, pamene mkazi apita kukakhala kwao kwa mwamuna. Bambo akali moyo zonse zimayenda. Akamwalira, kawirikawiri mai ndi ana auzidwa kuti mundawo ngwa eni mudzi. Mnyamata amene wakula alikulima munda umenewo apezeka mlendo kwao kwa bambo wake, ndiponso mlendo kwao kwa mai wake kumene sanakulireko.

Wachitatu ndi ukwati wa lobola, monga pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Asena. Kumeneko mwana adziwa bwino mudzi wake ndi munda wake, pakuti ali wa kuchimuna. Koma ukwati ukatha, mai ndiye achoka, ndipo nthawi zina aletsedwa ngakhale kudzaona ana ake. Mtsikana amene atha msinkhu mai wake ali kutali, m'nyumba muli mkazi wina, asowa womuuza zakukhosi.

Wachinai ndi mitala. Musayese kuti ana saona. Mwana amawerenga matumba a feteleza amene alowa m'munda wa mai wamng'ono ndi amene alowa m'munda wa mai wake. Amawerenganso masiku amene bambo adya m'nyumba yao. Akaona kukondera, sanena kanthu, koma mumtima aganiza kuti iye ngwochepa mtengo, ndipo chidani cha pakati pa amai chisanduka chidani cha pakati pa ana, chimene chidzafika pa bwalo lanu, amfumu, ngati mlandu wa malire.

Wachisanu ndi banja limene bambo ali kutali. Ichi sichachilendo m'dziko muno. M'zaka zoyambirira za m'ma 1970 amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali ku migodi ya ku South Africa. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70. Pambuyo pake amuna anayambanso kupita pa Theba kufikira chaka cha 1988. Ambiri a inu munakula bambo ali ku Joni, ndipo mudziwa nokha kuti bulangete ndi njinga zimene anabwera nazo sizinafafanize zaka zimene munawasowa. Lero amuna ndi akazi omwe alikupitabe kumeneko paokha. Ndalama zifika pa foni, koma mnyamata wa zaka 14 asanduka mwini nyumba nthawi yake isanakwane.

Wachisanu ndi chimodzi ndi banja la agogo, kapena la ana okhaokha. Chiyambire chaka cha 1985, pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi, agogo ambiri alera adzukulu. Agogo ali ndi chikondi, koma mphamvu zao zatha. Tsono mtsikana wamkulu ndiye atunga madzi, aphika, adwazika, napitanso kukagwira ganyu.

Kafukufuku wa Boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa chaka cha 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti pafupifupi nyumba zitatu mwa khumi zilizonse mutu wake anali mai, ndiponso kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu sanali kukhala ndi bambo kapena mai womubala. Chotero nkhani ino si ya mabanja owerengeka ai. Ili pa mudzi uliwonse.

CHIMENE CHIMAONONGA SI MTUNDU WA BANJA

Musandimve molakwa. Sindilikunena kuti mwana wa mai wopanda mwamuna, kapena woleredwa ndi agogo, adzaonongeka. Tonse tidziwa aphunzitsi, anamwino ndi alimi otchuka amene analeredwa ndi mai yekha. Tidziwanso nyumba zimene bambo ndi mai alipo onse, koma ana amagona ndi mantha chifukwa cha ndeu ya usiku ndi usiku. Nyumba ya mai yekha yokhala ndi mtendere iposa nyumba ya makolo awiri yokhala ndi nkhondo.

Ophunzira anafufuza zimenezi kwa nthawi yaitali. Pa chilumba cha Kauai, ku Hawaii, m'dziko la America, mai wina wophunzira dzina lake Emmy Werner pamodzi ndi anzake anatsata moyo wa ana 698 obadwa m'chaka cha 1955 kufikira atakwana zaka 40. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anawo anakulira m'mavuto, monga umphawi, ndeu za pabanja, kuledzera kapena matenda a makolo. Ambiri a iwo anavutikadi pokula. Koma mwa ana a m'mavutowo, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwino ndithu, nakhala munthu wodalirika. Pofufuza chifukwa chake, chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene anapeza nchakuti anawo anali ndi munthu wamkulu mmodzi amene anawakonda osawataya. Nthawi zina anali agogo, nthawi zina mkulu wao, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Makolo athu anadziwa kale zimenezi pamene anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Monga ndaonera m'midzi, zinthu zimene zimathyola mtima wa mwana wosinkhuka ndi zitatu.

Choyamba ndi ndeu, makamaka pamene mwana aikidwa pakati. Mai ati, "Kawauze abambo ako," bambo nati, "Amako aja ndi otere." Mwana akonda onse awiri, tsono kunyoza mmodzi pamaso pake kuli ngati kunyoza theka la iye mwini.

Chachiwiri ndi kusamutsidwasamutsidwa. Chaka chino kwa azakhali, chaka chamawa kwa agogo, chinacho kwa mtsibweni. Paliponse asiya anzake, asiya mphunzitsi amene anayamba kumdziwa. Mbande yowokeredwa katatu siigwira. Mwana wotere aphunzira kusakhulupirira munthu aliyense.

Chachitatu ndi katundu woposa msinkhu. Ntchito ya pakhomo ndi ya kumunda njabwino, imaphunzitsa. Koma kugwira ntchito nkwina, kusenza banja lonse pamutu nkwinanso. M'zaka za 2008 ndi 2009 akatswiri anachita kafukufuku m'boma la Zomba. Anapereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi kwa makolo ao. Anapeza kuti nkhawa inachepa kwambiri mwa atsikana a pasukulu amene analandira thandizolo. Koma pamene makolo analandira ndalama zochuluka zimene kubwera kwake kunadalira kuti mtsikanayo asajombe, mpumulo wa mumtimawo unachepa. Phunziro lake nlakuti umphawi ukachepa mtima wa mwana upepuka, koma mwana akadziwa kuti chakudya cha nyumba yonse chili pa iye, mtima ulemeranso.

Mtsikana wolemedwa chotere ndiye amene athawira ku ukwati. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo mwa akazi 100 a zaka 20 kufikira 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Ambiri a iwo sanathamangire mwamuna ai. Anathawa nyumba imene munalibe wowamvera.

ZIZINDIKIRO ZOTI TIZIONA

Chimanga chikasowa chakudya m'nthaka, masamba achita chikasu, ndipo mlimi wanzeru sachikalipira, koma afuna chimene chasowa. Mwananso amaonetsa zizindikiro. Amene anali wosekaseka akhala duu. Aleka kudya ndi anzake, kapena asowa tulo. Ajomba kusukulu. Apsa mtima pa kanthu kakang'ono. Ayamba mowa kapena chamba. Agawa zinthu zake zimene anali kuzikonda. Anena mau onga akuti, "Bola kufa," kapena, "Mudzapumula ine ndikachoka."

Mau otere musawayese nthabwala kapena mwano. Khalani naye pansi, mumfunse poyera ndi mofatsa ngati alikuganiza zodzipha. Kufunsa sikumpatsa maganizowo ai, koma kumtsegulira khomo loti alankhule. Musamsiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala, pakuti matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga matenda ena onse. Palinso nambala ya foni yaulere yothandiza ana, ndiyo 116.

Pano ndilankhule monga mlangizi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mwa anthu asanu odzipha pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a mbeu. Maganizo odzipha kawirikawiri amabwera mwadzidzidzi, ndipo akapita maola pang'ono amatha kuchoka. Ngati mankhwala ali pafupi, mwana atayika pa mkwiyo wa tsiku limodzi. Chifukwa chake mankhwala onse opopera ndi othira m'chimanga muziwatsekera m'bokosi la loko, kiyi asunge munthu wamkulu. Gulani okwanira ntchito ya nyengo imeneyo basi.

ZOTI MAKOLO ACHITE

1. Ukwati ukavuta, pitani kwa ankhoswe, osati kwa ana. Musatume mwana kunyamula mau a mkangano.

2. Ukwati ukatha, ubambo ndi umai sizitha. Bambo wa chikamwini amene wabwerera kwao akhalebe bambo: azibwera, azifunsa za sukulu, azithandiza. Mai amene wachoka pa mudzi wa lobola aloledwe kuona ana ake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 likuti kholo lililonse lili ndi udindo wosamala mwana wake.

3. Inu amene muli kutali, foni isakhale yotumizira ndalama zokha. Itanani mwana aliyense ndi dzina lake, mulankhule naye payekha.

4. Inu a mitala, gawani feteleza, fizi ndi masiku mofanana, ndipo gawani poyera.

5. Inu amene mwalandira mwana wa mbale wanu, adye mbale imodzi ndi ana anu. Ngati anu apita kusukulu, asatsale iye yekha ndi ng'ombe. Sukulu ya pulaimale ya Boma inakhala yaulere kuyambira chaka cha 1994.

6. Mpatseni mwana kamunda kakekake, ngakhale mizere khumi ya mtedza kapena ya soya, kapena nkhuku ziwiri. Zimene akolole zikhale zake. Mwana amene ali ndi kanthu kake pamudzi adziwa kuti ali ndi malo, ndipo sachoka chisawawa.

7. Gwirani naye ntchito limodzi. Mnyamata salankhula mukamkhazika pa mpando ndi kumuyang'ana m'maso. Alankhula muli pa mzere umodzi, makasu ali m'manja. Mtsikana alankhula potonola chimanga kapena popita kuchigayo. Pamenepo mverani kwambiri, mulankhule pang'ono.

ZOTI MAFUMU ACHITE

Tsono ndifike kwa inu eni mudzi, pakuti milandu ya maukwati ndi ya maliro imathera pa bwalo lanu.

1. Pa chisudzulo chilichonse, mlandu usathe musanafunse kuti, "Nanga mwana uyu mwini wake ndani?" Musalole yankho lakuti "tonse." Atchulidwe munthu mmodzi ndi dzina, avomere pamaso pa anthu, ndipo mlembe m'buku la mudzi.

2. Mfunseni mwanayo kumene afuna kukhala. Wa zaka 14 ali ndi maganizo. Simudzatsata zonse zimene anena, koma adziwe kuti anafunsidwa.

3. Ngati nkotheka, ana a mimba imodzi asamwazidwe. Amene wataya mai asatayenso mlongo wake mwezi womwewo.

4. Munda wa ana amasiye ukhale wa anawo. Wousunga adziwike kuti alikungosunga, ndipo malire aonetsedwe kwa anawo pamaso pa mboni. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 likuti kulanda chuma chimene chiyenera mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana ndi mlandu.

5. Musalole ukwati wa ana. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 linaika zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, kotero kuti ngakhale makolo avomere, mwana wosafika zaka 18 sangakwatiwe. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa kuti mfumu ikhoza: m'chaka cha 2015 inathetsa maukwati a ana oposa 300, ndipo inaimitsa mafumu aang'ono amene anawaloleza. Koma kuthetsa ukwati ndi theka la ntchito. Mtsikanayo akabwerera ku nyumba yomwe ija yopanda womumvera, adzathawanso.

6. Kale kunali mphala ya anyamata ndi kuka kwa agogo, kumene ana anali kumva malangizo madzulo, ndipo mwana anali ndi makutu ambiri omumvera. Lero zambiri za izo zinatha. Sankhani amuna awiri ndi amai awiri okhulupirika, osunga chinsinsi, amene achinyamata angapiteko. Anamkungwi aphunzitse ulemu ndi ukhondo, koma miyambo yokakamiza ana kugonana, monga kusasa fumbi, ithe.

7. Mukaona nkhanza yoposa mphamvu zanu, kauzeni a ofesi yosamalira anthu ya kwa DC kapena apolisi. Mutu umodzi susenza denga.

MAU OTSIRIZA

Kapena mufuna kudziwa za mnyamata uja. Atatuluka m'chipatala, amfumu anaitana mbumba yonse pamodzi ndi bambo wake. Sanakalipire munthu. Anangofunsa kuti, "Mwana uyu akapanda kubwera madzulo, adzatenga nyali ndani kukamfuna?" Anthu anakhala chete nthawi yaitali. Potsiriza mtsibweni wamng'ono, munthu wosauka kuposa onse, anaimirira nati, "Ndine." Amfumu analamula kuti gawo la munda wa mai wake libwezedwe kwa mnyamatayo chaka chomwecho, ndipo bambo wake analonjeza kumabwera mwezi ndi mwezi. Sindinena kuti zonse zinakoma tsiku lomwelo. Panapita miyezi asanayambe kuseka monga kale. Koma anabwerera kusukulu, ndipo nyengo yotsatira ndinalembanso dzina lake m'buku la kalabu.

Palibe ndalama imene inatuluka pa bwalo lija. Chimene chinasintha nchakuti munthu mmodzi anati, "Ndine."

Tsono ndikupemphani ntchito imodzi sabata ino. Amfumu, yendani m'mudzi mwanu, muwerenge anyamata ndi atsikana a zaka 13 kufikira 19, monga momwe timawerengera mabanja polemba za feteleza. Pa dzina lililonse mufunse kuti, "Uyu mwini wake ndani?" Pamene yankho lichedwa kubwera, pomwepo ndiye pali ntchito. Inunso alimi anzanga, madzulo ano pamene mulikusamba m'manja kuti mudye, yang'anani ngati ana onse afika. Ngati wina palibe, funsani.

Sabata yamawa tidzakambirana za kukonzekera nazale ndi kusankha mbeu.